Makina Akale, Ubongo Watsopano: Mbiri ya CNC ndi Zitsulo za M'mphepete mwa Nyanja Yathu

Achinyamata anzanga, pa gulu pathu pabuka kamkangano kokoma. Ena akuti tikadzapeza ndalama tigule makina a CNC osemera matabwa atsopano, a m'bokosi, ochokera ku China. Ena akuti ayi, tiuze abale athu amene ali ku Joni atifufuzire akale, ngakhale akufa kumene, tidzawadzutse tokha. A mbali yoyambayo akamva zimenezi amaseka, amvekere, "Mukufuna kutigulira maliro eti?" Ine ndili kumbali ya akalewo, ndipo chifukwa changa chili m'mbiri.

Kwa amene simunawaonepo makinawa, ndi tebulo lalikulu lachitsulo. Pamwamba pake pamayenda kamlatho pa njanji ziwiri, ndipo pa kamlathoko pamakhala mota yothamanga kwambiri, imene amaitcha spindle, yogwira kampeni kozungulira. Kompyuta ndiyo imalamula kuti kampeniko kapite kumanja kapena kumanzere, kutsogolo kapena kumbuyo, m'mwamba kapena pansi. Njira zitatuzi amazitcha X, Y ndi Z. Zitseko zamaluwamaluwa zimene mumaziona m'nyumba zatsopano ku Lilongwe, zilembo za pa zikwangwani, makabati a kukhitchini, zambiri mwa izo zimadulidwa choncho.

Nkhani yake inayambira ku America, m'tauni yotchedwa Traverse City m'chigawo cha Michigan, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Kumeneko kunali kampani ya John Parsons imene inkapanga mapiko a helikopita. Phiko lotere limapindika pang'onopang'ono, ndipo ukalakwitsa pang'ono pokha helikopita imanjenjemera. Parsons ndi injiniya wake Frank Stulen anaganiza zowerengetsera malo ambirimbiri a mzere wopindikawo pogwiritsa ntchito makina owerengera a IBM, aja ankadya makadi oboola. Manambala atatuluka, ntchito inkayenda motere: munthu mmodzi ankawerenga manambalawo mokweza, anthu awiri n'kumapotokola zogwirira za makina, wina X, wina Y. Tangoganizani, CNC yoyamba inali anthu atatu kufuulirana manambala.

Parsons anaona kuti m'malo mwa manja a anthu awiriwo akhoza kuikapo mamota. Mu 1949 gulu la nkhondo la ndege la America linamupatsa ntchito yoti ayese, ndipo iye anapempha thandizo kwa akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT. Apa pali kankhani kowawa. A MIT ataona kuti nkhaniyi ndi yaikulu, anakapangana okha ndi asilikaliwo, mwini ganizo n'kutsala panja. Ulemu anadzaulandira mochedwa, mu 1985, pamene iye ndi Stulen anapatsidwa mendulo ndi Pulezidenti Ronald Reagan.

Koma chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi. Makina amene a MIT anaonetsa anthu mu 1952 sanali atsopano ayi. Anatenga makina odulira zitsulo a Cincinnati Hydro-Tel amene analipo kale, anachotsa zoyendetsera zake zakale, anamangirira mamota pa X, Y ndi Z, n'kulumikiza ku makabati odzaza ndi mababu aja a m'mawailesi akale, oposa 200. Malamulo ankalowa kudzera pa tepi ya pepala yobooledwa timabowo. Thupi lakale, ubongo watsopano. Ndiye amene akuti kudzutsa makina akufa ndi umphawi, adziwe kuti luso lonseli linabadwa choncho.

Tibwere kwathu tsopano, pakuti ife a m'mphepete mwa nyanja nkhani ya zitsulo zomanga ndi kumanganso si yachilendo.

Mu 1875 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi E. D. Young, anabwera ndi kasitima ka nthunzi kotchedwa Ilala. Atafika pa mathithi a mtsinje wa Shire sitimayo sikanatha kukwera. Anaimasula yonse, mazanamazana a amtengatenga anasenza zidutswazo pamutu kudutsa m'miyala ndi m'minga, n'kukaimanganso kumtunda kwa mathithi. Inalowa m'nyanja pa 12 October 1875. Mabuku ambiri amatchula azungu ochepa amene anali m'sitimamo. Mayina a osenzawo palibe anawalemba, chonsecho bawuti imodzi ikanatayika m'tchire ulendo ukanathera pompo.

Yokoma kwambiri ndi nkhani ya Chauncy Maples. Dzinali ndi la bishopu wa mpingo wa Anglican amene anamira m'nyanja mu 1895 bwato lake litagubuduzika ndi mphepo, ndipo manda ake ali ku tchalitchi cha All Saints pa Nkhotakota pomwepa. Ambiri timadutsapo osadziwa. Mishoni ya UMCA inaitanitsa sitima yomukumbukira, ndipo inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan mu 1899. Inabwera m'zidutswa zoposa 3,000. Boyila yake yokha, yolemera matani 11, sikanatheka kuigawa, choncho amuna mazana a Chingoni anaikoka pa ngolo kudutsa m'mapiri.

Ndiye vuto linadza apa. Ku Glasgow chidutswa chilichonse anachilemba nambala kuti pomanga pasadzavute. Kenako anazimata zinki kuti zisachite dzimbiri panjira, ndipo zinkiyo inakwirira manambala onse. Zitafika kummwera kwa nyanja, cha ku Mangochi, amisiri anapeza mulu wa zitsulo zopanda dzina. Anayamba kuyesa chimodzichimodzi, ichi chikulowa apa, ichi chikukana, mpaka sitimayo inakhala pamadzi mu June 1901. Zaka ziwiri, aise. Aliyense amene anamasulapo injini ya njinga yamoto osajambula chithunzi, kenako n'kutsala ndi mabawuti atatu m'manja, akudziwa mmene anthuwo ankamvera.

Sitima imeneyi inakhala ndi moyo kangapo. Poyamba inali ya mishoni, yoyenda ndi nkhuni, yonyamula ansembe, aphunzitsi ndi odwala. M'zaka za m'ma 1950 inagulitsidwa n'kusanduka yophera nsomba. M'zaka za m'ma 1960 a Malawi Railways anaikonzanso kukhala yonyamula anthu ndi katundu, ndipo m'malo mwa nthunzi anaikamo injini ya dizilo. Thupi lomwe lija la ku Glasgow, mtima wina. Ilala imene timaidziwa lero, ija agogo athu ankakwera popita ku Likoma ndi ku Nkhata Bay, nayonso inapangidwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow mu 1949, inabwera m'zidutswa kudzera ku Beira, inamangidwa ku Monkey Bay n'kuyamba ntchito mu 1951. Mainjini ake anasinthidwapo, koma chitsulo cha thupi lake chatha zaka zoposa 70 chikulimbana ndi mwera.

Sindibisa, si kudzutsa kulikonse kumene kumatheka. Cha m'ma 2009 kunayambika ntchito yoti Chauncy Maples isanduke chipatala choyenda panyanja. Anthu akunja anasonkha ndalama, ntchito inayambika ku Monkey Bay, koma chipatalacho sichinayendepo. A mbali ya makina atsopano, mfundo imeneyo ndakupatsani ulere, muigwiritse ntchito.

Nanga pa Dwangwa penipeni? Fakitale ya shuga inayamba kugaya nzimbe mu 1979, m'nthawi ya kampani ya Lonrho, patatha zaka zoposa khumi chiyambireni ya ku Nchalo. Mu 1982 pafupi pake panatsegulidwa Ethco, yopanga ethanol kuchokera ku madzi akuda otsala popanga shuga. Illovo inatenga minda ndi mafakitalewa mu 1997. Mayina a eni asintha, koma kalendala ya fakitale ya shuga sisintha. Nzimbe zimagayidwa m'miyezi yopanda mvula. Mvula ikayamba, mathirakitala akamatitimira m'minda, kugaya kumaima, ndipo ndi pamene amisiri amalowa m'bwalo. Fakitale ya shuga kulikonse padziko imamasulidwa nyengo imeneyi: mipeni yodulira nzimbe imawotchereredwanso, zogudubuza zofinyira zimakonzedwa, mapampu amatsegulidwa, maboyila amayenderedwa mkati. Anthu akunja amaganiza kuti fakitale yagona. Ayi ndithu, ndi pamene ikumangidwanso.

Tanthauzo lake n'lakuti kwa zaka zoposa 40 dera lathu lino lakhala likuphunzitsa anthu osula zitsulo pa lathe, owotcherera, amagetsi ndi okonza zoyezera. Ena mwa iwo ndi madala athu omwewa amene anapuma ntchito, amene timawaona pa bawo madzulo. Munthu woti anatha zaka 20 akuyika shafiti pamzere kuti isagwedere ngakhale ndi ufa wa milimita, kuwongola njanji za CNC si nkhani kwa iye. Chimene sakuchidziwa ndi kompyuta basi. Ife tikudziwa kompyuta, koma tipatseni choyezera cha vernier, ambirife tichigwira chozondoka.

Tibwerere ku ubongo uja, tione mmene unatsikira mtengo mpaka kufika poti gulu la achinyamata n'kumaulota.

Kwa zaka zambiri makinawa anali a makampani opanga ndege okha. Anali okwera mtengo moti asilikali a ku America anachita kugula okha n'kumabwereketsa makampani kuti azolowere. A ku Japan ndiwo anawatsitsa pansi. Ku kampani ya Fujitsu, injiniya Seiuemon Inaba anayamba ntchitoyi m'zaka za m'ma 1950, ndipo nthambi yake inadzakhala kampani payokha, FANUC, mu 1972. Iwo sanalimbane ndi mapiko a ndege, anapanga zoyendetsera zosavuta, zosafa msanga, zoti shopu wamba n'kugula. Chilankhulo cholamulira makinawa, G-code, chinakhazikika m'zaka za m'ma 1960 ndipo mpaka lero sichinasinthe kwenikweni. Mzere wonena kuti G1 X100 Y50 umangotanthauza kuti pita molunjika pamalo akutiakuti ukudula. Makina a zaka 30 ndi a chaka chino onse amamva mawu amenewo. Ichi n'chifukwa chake akale amadzutsika.

Kenako zinthu zinathamanga. Bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linalemba pulogalamu yoyendetsera makina yotchedwa EMC, n'kuisiya poyera kuti aliyense atenge. Ndi imene lero ikutchedwa LinuxCNC, ndipo ndi yaulere. Ku Canada, Art Fenerty analemba Mach3, imene inachititsa kuti kompyuta wamba ya Windows iyendetse mamota kudzera pa bowo lija la printer zakale. Mu 2009 Simen Svale Skogsrud wa ku Norway anatulutsa GRBL, yokwana m'kabolodi ka Arduino kocheperapo ndi chikhatho. Ntchito imene mu 1952 inkafuna makabati odzaza chipinda, lero ikulowa m'thumba la malaya.

Mmodzi amene amandisangalatsa ndi Ted Hall wa ku North Carolina. Iyeyu anali mphunzitsi wa pa yunivesite ya Duke, ndipo ankangofuna kupanga maboti a pulayiwudi kuseri kwa nyumba yake. Atatopa ndi kudula mizere yopindika pamanja, anadzipangira makina, ndipo mu 1996 anayamba kuwagulitsa pa dzina la ShopBot. Maboti, anzanga. Ife tili pano tikuona mitengo ikuluikulu yosemera mabwato ikutha, asodzi akusamukira ku maboti a matabwa, ndipo sitinaganizepo kuti nthiti za boti zikhoza kudulidwa zofanana ndendende, khumi pa tsiku limodzi.

Ku Africa kuno zachitikanso. Ku Lomé m'dziko la Togo, Kodjo Afate Gnikou anapanga printer ya 3D mu 2013 ndi zotsalira za makompyuta ndi ma scanner otayidwa, ndipo printer yotere ndi mphwake wa CNC, mamota ndi malamulo ake n'zofanana. Za William Kamkwamba wa ku Wimbe, kuseri kwa nkhalango yathuyi ku Kasungu, ndi makina ake amphepo a mu 2002, sindichulutsa, nonse munaonera filimu.

Ndiye kudzutsa CNC yakale kumatanthauza chiyani kwenikweni? Ndi nzeru yomwe ija ya Chauncy Maples: kudziwa chosunga ndi chotaya.

Chosunga ndi thupi. Tebulo lolemera, lowotchereredwa bwino, lomwe lakhala zaka osapindika, ndi chuma. Makina osemera amadana ndi kunjenjemera, ndipo mankhwala a kunjenjemera ndi kulemera. Makina ambiri otchipa atsopano amapepuka pomwepa. Njanji nazo, ngati sizinadyeke kapena kuchita dzimbiri lozama, zimangofuna kutsuka ndi girizi, mwina n'kusintha timabokosi ta mabering'i toyenda pamwamba pake.

Chokayikira ndi zokankhira, kaya ndi sikuluwu yaitali kaya ndi mano oyenda pa giya. Zikadyeka pamabwera kampata: mota yatembenuka koma mpeni sunayambe kubwerera. Ukalamula bwalo, umapeza dzira. Kuyesa kwake n'kosavuta, wogulitsa adule bwalo ndi sikweya pa thabwa, inu muyeze mbali zonse. Akakana, mwadziwa kale.

Chotaya, nthawi zambiri, ndi ubongo ndi mawaya. Makina ambiri amene amati afa sanafe thupi. Chafa ndi kompyuta yakale imene zipangizo zake sizipezekanso, kapena bolodi imodzi imene kampani yake inatsekedwa kalekale. Apa ndi pamene LinuxCNC kapena GRBL zimalowa, pamodzi ndi madiraiva atsopano a mamota. Masamu ake ndi a Fomu 2. Mota wamba ya stepper imaponda masitepe 200 kuti izungulire kamodzi. Ngati sikuluwu ikuyenda mamilimita 5 pa kuzungulira kumodzi, sitepe imodzi ndi mamilimita 0.025. Ukauza pulogalamu nambala imeneyi molakwika, chitseko cha masentimita 80 chimatuluka cha 40, ndipo makinawo sachita manyazi, amadula mokhulupirika zimene wawauza.

Spindle nayo anthu amakonda kusintha. Zambiri za masiku ano zimazungulira mpaka 24,000 pa mphindi, ndipo zimayendera kabokosi kotchedwa VFD, kamene kamatha kutenga magetsi a m'nyumba wamba n'kuwasandutsa a mawaya atatu. Kwa ife amene three phase ndi maloto, kabokosi kameneka n'kofunika. Pomaliza pamabwera kuwongola. Kamlatho kayenera kupingasa njanji ndendende, ndipo njira yake ndi yomwe amagwiritsa ntchito amisiri omanga nyumba poyala maziko: 3, 4, 5, kapena kuyeza ngodya ndi ngodya. Kenako umaika thabwa lotetezera pa tebulo, makinawo n'kulipala okha kuti likhale lathyathyathya malinga ndi kayendedwe kawo.

Adani a kuno ndi atatu, ndipo ku Joni sakakuuzani. Chinyezi cha kunyanja chimadyetsa njanji dzimbiri sabata imodzi yokha ukaiwala mafuta. Utuchi wa mlombwa ndi mbawa ukalowa m'bokosi la magetsi n'kukumana ndi chinyezicho, bolodi imapsa. Wachitatu mukumudziwa. Mukukumbuka 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu January, mmene magetsi ankazimira tsiku lonse? Magetsi akazima pakati pa ntchito, makina amaiwala pamene anali. Mankhwala ake ndi timaswitchi totchipa toika kumapeto kwa X, Y ndi Z, kuti magetsi akabwera makina apite pakona pawo, adzipeze, n'kupitiriza pamene analekera. Popanda timeneti, thabwa la mlombwa logula modula limasanduka nkhuni. Kuli bwino kuchedwetsa spindle yatsopano kusiyana n'kusiya timaswitchi timeneti.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene okonda makinafe sitikonda kuikamba. M'zaka zomwe zija za Parsons, kampani ya General Electric inayesa njira ina. Mmisiri waluso ankadula chinthu choyamba ndi manja ake, makina n'kumajambula mayendedwe akewo pa tepi ya maginito, kenako n'kumabwereza okha. Luso linali kuchokera kwa mmisiri. Njira imeneyi inasiyidwa, ndipo inapambana ndi ija ya manambala olembedwa mu ofesi. Wolemba mbiri David Noble, m'buku lake la mu 1984 lotchedwa Forces of Production, ananena kuti sikuti njira ya manambala inangopambana chifukwa cha ubwino wake wokha, koma kuti mabwana ndi asilikali anaikonda chifukwa inkachotsa mphamvu m'manja mwa amisiri n'kuipititsa ku ofesi. Ena amatsutsana naye, koma funso lake ndi lathu lomwe.

Pa Dwangwa pali akalipentala amene akudyetsa mabanja ndi tcheselo ndi pulena. Chitseko chimene iwo amasema masiku anayi, makina amachimaliza dzuwa lisanapendeke. Tikadzabweretsa makinawa n'kuyamba kugulitsa zitseko zathuzathu motchipa, tidzakhala tawalanda nsima amalume athu omwe. Ine ndikuona kuti njira yabwino ndi ya chigayo. Mwini chigayo salima chimanga ndipo sagulitsa nsima, amangogaya cha amene wabwera nacho. Kalipentala abwere ndi thabwa lake ndi maluwa amene kasitomala wake akufuna, ife tidule, iye akamalize, alumikize, apake vanishi, agulitse yekha. Komanso ndi iyeyo amene akudziwa kuti thabwa ili silinaume, ili lili ndi mfundo yobisika, ili ling'ambika ukalidula mopingasa. Kompyuta sidziwa zimenezo. Paja safunsa anadya phula.

Za ndalama tidzakambirana pa msonkhano, ndipo a mbali inayo abwere ndi mitengo yawo yeniyeni, kuphatikizapo ya mayendedwe ndi msonkho wa pa Mwanza kapena pa Dedza, osati ya pa chithunzi cha pa intaneti. Ifenso tidzabwera ndi yathu. Amene mukulankhula ndi abale a ku Joni, auzeni ajambule njanji pafupi, ajambule mkati mwa bokosi la magetsi, ndipo afunse ngati tebulo likukwana bolodi yathunthu ya mamita 1.22 kwa 2.44. Akadzayamba kumasula kuti akweze m'galimoto, waya aliyense amumate kapepala ka nambala, ndipo nambalayo ailembenso m'kope.

Pempho lina ndi ili. Amene kwanu kuli bambo, agogo kapena amalume amene anagwirapo ntchito yokonza makina ku fakitale m'zaka za m'ma 1980, kapena pa doko la Monkey Bay, kachezeni nawo sabata ino. Afunseni kuti chitsulo chikathyoka pakati pa nyengo yogaya, sipeya ili kutali, ankatani. Jambulani mawu awo pa foni ngati alola, mutumize kwa mlembi wa gulu, tidzaike m'kalata ya mwezi wamawa.